Siwichi ya a Kandulu

Mbiri imene inawerengedwa pamaliro a bambo Kandulu ku Matawale inali yaifupi ngati chiphaso: anabadwa, anaphunzira, anaphunzitsa za makompyuta pa yunivesite, anali mkulu wa mpingo, asiya mkazi ndi ana. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Chinandiwawa n'chakuti atatha kuwerenga, wotsogolera mwambo anaitana Dalitso kuti alankhule m'malo mwa onse amene anaphunzitsidwa ndi malemu. Dalitso! Anaimirira ndi suti yakuda yonyezimira, kampango m'manja, n'kuuza khamu lonse kuti a Kandulu anali ngati bambo ake omubereka. Ine ndinali pamkeka pakati pa amayi a mvano, ndipo mayi wa pambali panga anandigwira bondo poganiza kuti ndikunjenjemera ndi chisoni. Sichinali chisoni ayi, ndinali nditapsa mtima.

Ndiye ndati ndilembe mbiri ina, ine Tiyanjane, amene ndinaphunzira kwa iwo, kenako n'kumagwira nawo ntchito pakhonde la nyumba yawo atapuma ku yunivesite. Amene akwiye nayo akwiye.

Ntchito yawo inali yovuta kuifotokoza, ndipo eni ake sankadzivutitsa. Akafunsidwa kutchalitchi ankangoti amakonza timabokosi. Timabokosi take n'toyeza madzi mumtsinje wa Likangala ndi toyeza mvula pamwamba pa phiri, tokhala kutchire pamtengo wachitsulo, kalikonse ndi kasola kake ndi batire. Mkati mwake muli kakompyuta kochepa ngati bokosi la machesi, ndi kachipu kosungiramo zimene kayeza, kofanana ndi kamene kali mu memore khadi ya foni. Pakati pa ziwirizi pamafunika pulogalamu youza kachipuko polemba, powerenga ndi pofufuta. Pulogalamu imeneyo ife timaitcha dalaivala, ndipo ndi imene a Kandulu anathera moyo wawo akulemba.

Kachipu ka mtundu umenewu n'kamakani. Sikalola kulemba pamwamba pa zolembedwa kale, uyenera kufufuta kaye chigawo chonse. Ndiye magetsi akathera pakati, utafufuta koma usanalembe, basi, zakale zapita, zatsopano palibe. Ndipo kabokosi ka kutchire magetsi kuthera pakati ndiye moyo wake: mitambo ikaphimba phiri masiku angapo batire limafooka, kabokosi n'kumazima n'kumayaka kokha. N'chifukwa chake a Kandulu anali ndi lamulo limodzi losaphwanyika. Lemba zatsopano pamalo ena, uziwerengenso kuti utsimikize kuti zalowadi, ndiyeno ufufute zakale. Ankafanizira ndi wophunzira wa lendi ku Matawale, amene sabweza kiyi wa chipinda chakale asanagone m'chatsopano.

Ku labu ya makompyuta ku yunivesite magetsi akazima tonse tinkati "Aaa!", iwo ankaomba m'manja. Ankati dziko lino limatipatsa kwaulere mayeso amene anzathu akunja amachita kugulira makina. Ukawabweretsera ntchito yako sankayang'ana n'komwe pa sikirini. Ankadikira kuti kabokosi kayambe kulemba, n'kuloza pulagi ndi chibwano.

"Zimitsani."

Uzimitse.

"Yatsani. Zilipo zonse? Chabwino. Zimitsaninso."

Mpaka chala kuwawa. Ukawauza kuti bambo, ndayesa kale kunyumba zikuyenda, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti mawu a munthu salowa mu kachipu. Ophunzira anawapatsa dzina lakuti a Zimitsani. Ankalidziwa bwino lomwe, koma ankachita ngati sanalimvepo, ndipo ndikukhulupirira kuti mumtima ankalikonda.

Kunyumba poyamba ankayesera pa siwichi yaikulu ya nyumba yonse, mpaka firiji inapsa. Mayi Kandulu, akazi awo, munthu wosalankhulalankhula, anatulukira pakhonde tsiku limenelo ali ndi nyama yonunkha m'mbale. "Bambo a Chikondi, mukazimitsanso nyumba yanga, muzidya timabokosi tanuto." M'mawa mwake anapita kumsika, anagula siwichi yawoyawo yoyera, n'kuikhomerera pakona ya tebulo la pakhonde. Siwichi imeneyo ndi imene ndinawapeza akuitokosa chaka chawo chomaliza, m'mawa ndi masana, juzi yawo yobiriwira ili pathupi ngakhale kutenthe bwanji, tiyi atazizira m'kapu. Koma ndafulumira, ndidzafikako.

Chinthu china chimene ankakakamira chinali chakuti pulogalamu yawo izitha kusamuka. Kuno sugula kachipu kamodzimodzi kawiri. Lero wogulitsa wa ku Limbe wabweretsa ka mtundu uwu, mwezi wamawa kanatha, akukupatsa kena n'kumalumbira kuti n'chimodzimodzi. Nthawi zina a Kandulu ankazungulira m'mabenchi a okonza mafoni n'kumatola zakufa kuti azulemo timachipu. Ndiye anaigawa pulogalamuyo pawiri. Gawo lapamwamba ndilo linali ndi nzeru zonse: polemba lero, polemba mawa kuti malo amodzi asaperepeseke, malo amene afa oti asagwiritsidwenso ntchito. Gawo lapansi linali lochepa zedi, lodziwa ntchito zitatu zokha, kuwerenga, kulemba ndi kufufuta. Kakabwera kachipu kachilendo, kapena kakompyuta kena koyendera pulogalamu yaikulu ya mtundu wina, unkangolembanso lapansilo, lapamwamba osalikhudza.

Pamenepa ndi pamene tinayambana koyamba. Ndinali pachangu, ndinalowetsa m'gawo lapamwamba nambala ya kukula kwa kachipu kamene tinali nako.

"A Tiya, kumtundaku kwadziwa bwanji kuti kachipu kathu n'kotani?"

"Ndi nambala imodzi yokha, bambo."

"Imodziyo ndiye chingwe. Mwaimangirira pamtengo umodzi ngati mbuzi. Kakatha kachipu kameneka, adzamasule ndani?"

Ndinapita kwathu ndikung'ung'udza njira yonse kuti nkhalamba iyi njovuta. Patapita miyezi yochepa kachipu kaja kanasowadi pamsika, ndipo iwo anangondithirira tiyi akumwetulira. Kumwetulira kumeneko kunkandinyansa kuposa kukalipa.

Mkangano umene sitinaumalize unali wa dzina. Sankalemba dzina lawo pamwamba pa mafayilo a pulogalamuyo, ngakhale pamodzi. Ankati dzina la wamkulu limaopseza ana: mwana aona cholakwika, n'kuopa kukonza poti n'cha akuluakulu. Ndinawauza maso ndi maso kuti pamalo osalembedwapo tsiku lina wina adzalembapo lake. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti alembe, bola madzi a mu Likangala aziyezedwa bwino.

Tsopano za Dalitso. Anali mnzanga wa m'kalasi, wochokera cha ku Malosa, ndipo sindinama, mutu wake unkagwira kuposa wa tonsefe. A Kandulu anamutenga n'kumugoneka m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo mpaka anamaliza sukulu. Mayi Kandulu ankamupakulira pamodzi ndi ana awo. Tonse ankatitchula kuti inu, ngakhale wa chaka choyamba, koma Dalitso yekha anali iwe, mwana wanga. Atatsegula kampani yake n'kupeza ntchito kwa alendo akunja yoika timabokosi m'mitsinje yotsikira ku nyanja ya Chilwa, anabwera kudzapempha pulogalamu ija. A Kandulu anamupatsa ndi manja awiri, akuti ndinalembera zomwezo. Popeza inali yosamuka mosavuta, sanavutike kuilowetsa m'timabokosi take tatsopano. Pamwamba pa fayilo iliyonse analemba dzina la kampani yake. Nditawauza a Kandulu anangoti, "Ndiye bwanji? Palembedwa dzina la mwana wa pakhomo pano."

Tsiku loonetsa ntchitoyo linali m'nyengo yozizira, m'nyumba ina ya misonkhano pamwamba pa phiri. Nkhungu inali itatsika mpaka pamawindo, mikungudza ikudontha. Munali alendo aja, akuluakulu a m'maofesi a boma, ena a ku yunivesite. A Kandulu anaitanidwa ngati mlendo wamba, anakhala kumbuyo pafupi ndi ine, jekete la kutchalitchi pamwamba pa juzi ija. Kutsogolo Dalitso anaika kabokosi patebulo ndi ndowa ya madzi, manambala akuoneka pakhoma, pamodzi ndi onse amene kabokosiko kanasonkhanitsa kumtsinje mwezi wathunthu. Zinkayenda bwino, ndipo nkhalamba inkandigunda ndi chigongono nthawi iliyonse anthu akaomba m'manja.

Kenako mlendo wina wamayi anafunsa kuti chimachitika n'chiyani batire likatha kabokosi kali mkati molemba. Dalitso anayamba kuyankha Chingerezi chachitali chozungulira. Ndinaona a Kandulu akuimirira. Anthu ena mpaka lero amanena kuti anapita kukamuyalutsa mwanayo chifukwa cha nsanje. Bodza! Ine ndinaiona nkhope yawo. Inali nkhope ya kholo limene mwana wake wafunsidwa funso limene akulidziwa bwino. Anayenda pakati pa mipando akumwetulira mpaka kutsogolo.

"Mwana wanga, usavutike n'kufotokoza. Aonetse."

A Kandulu anadikira kagetsi kolemba kaphethire, n'kuzula waya wa batire. Anayang'ana alendo, n'kumubwezera. Kabokosi kanayaka. Pakhoma panalibe kanthu. Za m'mawa uja, za mwezi wonse, zonse zinali zitapita.

Ndipo Dalitso, amene ankadyera m'mbale ya mayi Kandulu, anakonza tayi n'kulankhula mofatsa. Anapepesa alendo, n'kunena kuti gawo limeneli silinali la kampani yake. Analemba ndi bambo awa, a Kandulu, kalekale, ndipo kampani inali kale mkati molichotsa kuti iikemo lamakono.

Kunali koyamba, ndipo kunali komaliza, kuti dzina lawo litchulidwe pagulu pamodzi ndi ntchito yawo. Zaka zonsezo pulogalamu ikuyenda bwino inali ya kampani, tsiku limene inagwa inabwerera kwa mwini wake. A Kandulu anaima pomwepo manja ali lende, n'kuwerama pang'ono ngati akupereka moni kutchalitchi. "Pepani," anatero. Sanadikire nkhomaliro. Tinatsika phiri pa galimoto ya hayala, akungoyang'ana nkhungu pawindo, ndipo titatsala pang'ono kufika m'tauni ndi pamene analankhula. "A Tiya, pali pamene ndinaphonya."

Anamuimbira Dalitso kupempha kabokosi kaja kuti akaone. Anayankhidwa kuti ndi katundu wa kampani, alendo anapita nako. Anamufunsa ngati anasinthamo kanthu m'gawo lapamwamba. Ndinalipo, foni inali patebulo, ndinamva ndi makutu angawa. "Ngakhale kadontho, bambo."

Kuyambira pamenepo anakhala pakhonde. Anamanga kabokosi kofanana ndi kaja, anaikamo pulogalamu yawo monga anailembera, n'kuyamba kufunafuna cholakwa chawo. Zimitsa, yatsa. Zimitsa, yatsa. Anayesa timachipu tonse timene anali nato. Anayesa ndi batire lofooka. Anakaika mu firiji kuti kazizire ngati kuphiri, ndipo ulendo uno mayi Kandulu sanadandaule, anangosuntha mapoto. Kabokosiko sikanataye ngakhale nambala imodzi. Ndipo nthawi iliyonse kakayaka zonse zili momwemo, nkhope yawo inkagwa. Munaonapo munthu akudandaula chifukwa ntchito yake ikukana kulephera? Ine ndinamuona, ndipo zinkandidula mtima.

Ku bawo anasiya kupita. M'tauni yaing'ono ngati Zomba nkhani siichedwa, ndipo ophunzira amene ankadzadza pakhonde Loweruka anayamba kuchepa, mpaka anatha. Wina anabwera kudzapempha kuti agwiritse ntchito pulogalamuyo pa kafukufuku wake, iwo anamukaniza, akuti ili ndi matenda amene sanawapeze, asamuwonongere ntchito. Munthu amene ankagawa ntchito yake ngati mbewu anayamba kuibisa chifukwa cha manyazi.

Choonadi chinabwera chokha, mochedwa. Bambo wina woyang'anira kabokosi ka kampani ija cha ku Malosa anabwera nako kwa ine katafa, poti kukampaniko foni sankayankha. Kanali ka gulu loyamba, limodzi ndi kaja kanagwa kuphiri. Ndinakadzutsa, ndinalumikiza timawaya kumiyendo ya kachipu, n'kumaonera pa sikirini malamulo amene kakompyuta kankatumiza. Fufuta. Lemba. Basi. Kufufuta kunkabwera poyamba, ndipo kuwerenganso kotsimikiza kunalibe n'komwe. Lamulo lija la kiyi wa lendi linali litadulidwamo. Mutu wanga unaima, ndinayang'ananso kawiri katatu, koma zinali zomwezo.

Ndinamuimbira pomwepo.

"Aaa, achemwali, zimenezo n'zakale," anatero Dalitso. "Kutsimikiza kuja kunkadya batire, alendo ankafuna lokhalitsa. Panopa tinabwezeretsa, zonse zili bwino."

"Ndiye kawauze a Kandulu. Ukudziwa zimene akhala akuchita pakhonde paja?"

"Ndipita, ndipita ndithu. Sabata ino yokha ndapanikizika."

Sanapite. Nthawi imeneyo n'kuti a Kandulu atagonekedwa kale m'chipatala, mtima ukuvuta, miyendo itatupa. Ndinapita pa nthawi yoona odwala masana, ndikuthamanga ngati ndanyamula mankhwala. Ndinkati ndikawauza adzuka, aseka mpaka kutsokomola. Mayi Kandulu anali pampando pambali pa bedi akusenda nthochi. Ndinafotokoza zonse, mwadongosolo, monga anandiphunzitsira. Anamvetsera maso ali kudenga.

"Mwayesa kangati?"

"Bambo, izi sizofuna kuyesa. Ndaona ndi maso, kakufufuta kasanalembe. Si ntchito yanu imene inagwa kuphiri kuja."

"Dalitso ndinamufunsa."

"Ananama, bambo. Wavomera yekha pa foni."

Mayi Kandulu anasiya kusenda nthochi. Mpweya wa a Kandulu unkachita kumveka. Kenako anatembenukira kukhoma.

"A Tiya, musamuipitsire mbiri mwana. Ali ndi banja, ali ndi antchito. Pali pamene ndinaphonya ine. Kayeseninso."

Amenewo ndi mawu omaliza amene anandiuza. Ndipo ndinene poyera, poti ndalonjeza kusabisa: si Dalitso yekha amene ndamukwiyira. Ndawakwiyiranso iwo, ngakhale ali m'manda. Anatiphunzitsa zaka zonsezo kuti tisakhulupirire kanthu tisanakazimitse n'kukayatsanso, anatiuza kuti mawu a munthu salowa mu kachipu. Koma mawu a munthu mmodzi anawalandira osawayesa, ndipo umboni utabwera anasankha kukana ntchito ya moyo wawo wonse kusiyana n'kuvomera kuti mwana wa pakhomo anawaphimba m'maso. Kaya anakhulupiriradi kuti anaphonya, kaya anadziwa koma mtima unalephera kunyamula, sindidzadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anatisiya ife amene tinkawaikira kumbuyo tilibe poima.

Patatha masiku angapo chichitikireni maliro ndinapita kukaona mayi Kandulu. Mahema anali atachotsedwa, pabwalo patatsala phulusa ndi udzu woponderezeka. Pakhonde sanasunthe kanthu. Tebulo lili pomwe paja pansi pa windo, mwendo umodzi utaikiridwa kapepala kopinda. Timachipu tili m'mabotolo a mafuta odzola, mtundu uliwonse botolo lake. Juzi yobiriwira ili pamsomali. Mpando wawo ndi wokankhidwira kumbuyo pang'ono, khushoni ikadali yolowa pakati. Siwichi ija, imene inali yoyera, yasanduka yachikasu, pamene pankagunda chala paperepeseka mpaka kusalala, ndipo msomali umodzi woikhomerera wayamba kugwedera.

Kabokosi kawo kanali kakadali koyaka, kagetsi kakuphethira, kakulemba nambala ina pambuyo pa inzake monga anakasiyira tsiku limene anapita kuchipatala.

"Ine ndikuopa kukagwira," anatero mayi Kandulu ali pakhomo. "Nditani nako?"

"Zimitsani, mayi."

Anayandikira mosamala, anadina siwichi ndi chala chimodzi. Kagetsi kanazima.

"Yatsani."

Kanayaka, kanaima kaye pang'ono, n'kupitiriza pa nambala yomwe kanalekezera. Zonse zinali momwemo. Tonse awiri tinatembenukira kumpando uja, koma panalibe woti tiwaonetse.